DILIPI NDI YA WOLEPHERA KUMWA

Munthu akabwerako ku cipatala, abale amene abwera kudzamzonda afunsa funso limodzi asanafunse n'komwe dzina la matenda: "Kodi anakuikani madzi?" Akayankha kuti inde, mabotolo atatu, onse agwedeza mitu ndi kuvomerezana kuti cipatala cimeneco cidziwa nchito. Akayankha kuti ai, anangompatsa mapilisi ndi timapaketi ta madzi a moyo, pamenepo nkhani isanduka ya madandaulo: ati anamwino a masiku ano ndi aulesi, ati mankhwala abwino asungira abale ao. Pa mudzi womwewo pali enanso amene aliopa botolo lomwelo, kotero kuti agoneka wodwala m'nyumba masiku atatu poganiza kuti ku cipatala akamcotsa magazi.

Magulu awiriwa atsutsana, koma cimene cawasokeretsa ndi cimodzi. Onse aiona dilipi monga cinthu ca mphamvu yobisika. Kunena zoona, m'thumba lija lopacikidwa pa citsulo muli madzi oyera, mcere pang'ono, ndipo nthawi zina shuga. Mphamvu yake yonse ili pa njira imene madziwo adzera, pakuti salowa pakamwa ndi kudikira m'mimba, koma apita molunjika mu mtsempha wa magazi. Njira yacidule imeneyi idzutsa munthu amene ali pafupi kufa, ndipo njira yomweyo ingavulaze munthu amene akanacira ndi kapu ya madzi cabe. Nkhaniyi ifunika kumveka m'mudzi uliwonse mvula isanabweretse kolera ndi malungo.

Nzeru ya dilipi inabadwira pa mliri wa kolera. M'caka ca 1831, matendawa atafika ku Britain, dotolo wacinyamata wa ku Ireland dzina lake William O'Shaughnessy anapima magazi a odwala, napeza kuti ataya madzi ambiri pamodzi ndi mcere. Caka cotsatira, 1832, dotolo wina wa ku Leith m'dziko la Scotland, Thomas Latta, anasungunula mcere m'madzi nawalowetsa mu mtsempha wa mai wokalamba amene onse anali atamtayira kale mtima. Maso amene analowa m'kati anayamba kuwala, kugunda kwa mtima kunamvekanso pa mkono, ndipo mai uja analankhula. Dotoloyo atacoka kukapumula, kusanza ndi kuthulula kunabwerera, ndipo mai uja anamwalira patapita maola owerengeka. Odwala ena a Latta anacira, koma ambiri anafa, popeza pa nthawiyo panalibe wodziwa za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo muyeso wa mcere unali wongoyerekeza. Njirayo inaiwalika kwa zaka makumi angapo. Koma imfa ya mai uja inasonyeza kale zinthu ziwiri zimene zikali zoona lero: dilipi ibwezera cabe zimene thupi lataya, ndipo wodwala amene waikidwa dilipi afuna munthu wodziwa nchito womuyang'anira kufikira ngozi itatha.

Masiku ano madzi a dilipi apangidwa m'mafakitale, atenthedwa ndi nthunzi kupha tizilombo tonse, kenaka atsekeredwa m'matumba kapena m'mabotolo a pulasitiki. Mitundu imene ipezeka kawiri-kawiri m'zipatala za dziko lino ndi itatu. Woyamba ndi madzi a mcere, magalamu 9 pa lita imodzi. Waciwiri uchedwa Ringer's lactate, kutengera dzina la Sydney Ringer wa ku London amene anayamba kuusakaniza m'zaka za m'ma 1880, ndipo Alexis Hartmann wa ku America anaukonzanso m'zaka za m'ma 1930. Uli ndi micere ya mitundu ingapo yofanana ndi imene ili m'magazi, ndipo ndiwo usankhidwa poyamba pa kolera. Wacitatu ndi madzi a shuga, magalamu 50 pa lita.

Amene anena kuti dilipi ndi cakudya ca wodwala, kapena kuti ipatsa mphamvu munthu wotopa ndi khasu, awerengere bwino. Magalamu 50 ndiwo masipuni a tiyi pafupi-fupi 12 a shuga. Mphamvu imene ili m'lita yathunthu ya madzi amenewa ndi gawo limodzi cabe mwa magawo khumi a zimene munthu wamkulu afuna pa tsiku. Mbale imodzi ya nsima ndi ndiwo zotendera iposa kutali. Ndiponso dilipi si magazi. Mwana amene watuwa m'zikhato ndi m'maso kaamba ka malungo afuna magazi eni-eni, ocokera kwa anthu opereka mwaufulu, amene apimidwa HIV, matenda a ciwindi a hepatitis B ndi C, ndiponso cindoko asanapatsidwe kwa wodwala. Madzi a mcere sanyamula mpweya m'thupi monga acitira magazi, ngakhale ataikidwa mabotolo khumi.

Nanga woyenera dilipi ndani? Ndi uja amene sathanso kumwa, kapena amene ataya madzi mofulumira kuposa m'mene kamwa lingabwezere. Pa kolera munthu wotere saphonyeka: maso alowa m'kati, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, mau atha, manja azizira, ndipo agona ngati wakomoka. Malangizo a bungwe la World Health Organization anena kuti wodwala wotere alandire mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ndiye kuti bambo wolemera makilogalamu 60 aikidwa malita 6 m'maola atatu okha, amene ndi matumba 12 a theka la lita. Khanda losakwana caka lipatsidwa muyeso wake pang'ono-pang'ono m'maola 6. Popanda thandizo, kolera woopsa angaphe munthu mmodzi mwa anai, ngakhale mmodzi mwa awiri. Thandizo likafika pa nthawi yake, akufa safika mmodzi mwa anthu 100. Pamenepa palibe cina m'dziko lonse cimene cingalowe m'malo mwa dilipi, ndipo wokaniza m'bale wake kuikidwa madzi pa nthawi yotere amkumbira manda ndi manja ake.

Dziko lino linaziona zimenezi posacedwa. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 ndi kupitirira m'caka ca 2024 unagwira anthu oposa 20,000, ndipo pafupi-fupi 700 anamwalira. Bwalo la mpira la National Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Cimene ciyenera kukumbukika koposa ndi ici: mwa amene anali atamwalira pofika mu Januwale, oposa theka anafa asanagonekedwe m'cipatala. Anafera m'nyumba ndi panjira. Mabotolo anali kuwayembekezera, koma madzi anatha m'thupi ulendo usanathe.

Apa ndipo paonekera ukulu wa kapaketi kamene anthu akanyoza. M'caka ca 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, anthu othawa nkhondo anadzaza misasa m'malire a India, ndipo kolera anabuka. Pa msasa wa Bangaon madzi a dilipi anacepa kotheratu, ndipo odziwa kulasa mtsempha anali owerengeka. Dotolo Dilip Mahalanabis ndi anzake anasakaniza mcere, soda ndi shuga m'migolo ya madzi, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu usana ndi usiku, kusunga mabotolo ocepa aja kaamba ka okomoka okha. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupi-fupi 30 mwa 100 kufika pa osakwana 4. Cinsinsi cake n'cakuti shuga ndi mcere zikalowa pamodzi m'matumbo, shuga athandiza mcere kudutsa kulowa m'magazi, ndipo mcere ukoka madzi, ngakhale munthuyo akali kuthulula. Lero cidziwika kuti odwala kolera okwana 8 mwa 10 angacire ndi madzi a moyo okha. Ngakhale uja amene waikidwa dilipi, akangotsitsimuka apatsidwa kapu, cifukwa kumwa ndiko kudzamcotsa pa botolo. Tsono namwino amene apima mwana, naona kuti atha kumeza, nampatsa mapaketi ndi mapilisi a zinki a masiku 10 kufikira 14, sanacite ulesi. Wampatsa thandizo loyenera, lopanda kumlasa.

Si kolera yekha amene afuna njira ya mtsempha. Mai amene ataya magazi ambiri atabereka apatsidwa madzi kuti mtima usaime, pamodzi ndi mankhwala a oxytocin olimbitsa cibaliro, ndi ena ochedwa tranexamic acid amene athandiza kweni-kweni akaperekedwa maola atatu asanathe. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene amai alimbikitsidwira kukabalira ku cipatala, popeza pa mphasa ya m'nyumba palibe amene angatsegule mtsempha magazi akayamba kutuluka. Pa malungo oopsa, kale kwinini anali kusakanizidwa m'botolo ndi kudontha maola anai. Kufufuza kumene kunacitika pa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, kunasonyeza kuti mankhwala a artesunate olowetsedwa mu mtsempha apulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo ndiwo ayamba kugwiritsidwa nchito tsopano. Wopsa ndi moto, wovulala pa ngozi ya pamseu, ndi wopita ku opaleshoni nawonso aikidwa kanula, kapaipi kang'ono kapulasitiki kamene katsala pa dzanja nyeleti itacotsedwa. Kanulayo ndi khomo. Nthawi zina akasiyidwa popanda botolo, kuti mankhwala azilowera pomwepo, ndipo wodwala asaganize kuti amuiwala.

Koma khomo lililonse lotseguka lilowetsa mlendo ndi mbala yemwe. Walira mvula walira matope. Kwa zaka zambiri madotolo eni ake anali kukhulupirira kuti mwana wodwala kwambiri, wotentha thupi ndi wozizira miyendo, athandizika akaikidwa madzi ambiri mofulumira. Anafufuza zimenezi pa ana 3,141 m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ana odwala malungo ndi matenda ena otentha thupi, osati othulula ai. Zotsatira zake mu 2011 zinadabwitsa ofufuza omwe. Mwa ana 100 alionse amene anaikidwa madzi mofulumira, 10 kapena 11 anamwalira m'masiku awiri. Mwa amene sanaikidwe motero, anamwalira 7. Ngati akatswiri anaphunzira motere kuti madzi oculuka angaphe, kuli bwanji munthu wamba amene aumiriza namwino kuti aonjezere botolo lacinai? Mwana wonyentchera ndi njala, wotupa miyendo, mtima wake ndi wofooka ndipo sungasenze madzi ambiri nthawi imodzi. Cimodzi-modzi nkhalamba, wodwala mtima ndi wodwala impso. Madzi akapitirira muyeso asefukira m'mapapo, ndipo munthu abanika ngati womira m'mtsinje ali cigonere pa bedi.

Ndiye cifukwa cake kagudumu kang'ono kamene kali pa kapaipi ka dilipi sikoyenera kukhudzidwa ndi munthu wina kupatula amene anakacera. Kali ndi masamu ake. Pa mapaipi ambiri, madontho 20 ndiwo mililita imodzi. Thumba la theka la lita limene liyenera kutha m'maola anai lidontha madontho pafupi-fupi 42 pa mphindi imodzi, ndipo namwino awawerenga ndi koloko. Woyang'anira wodwala akatopa ndi kudikira, kapena akafuna kuti apeze galimoto yobwerera kumudzi dzuwa lisanalowe, natsegula kagudumu kuti botolo lithe msanga, sadziwa cimene casakanizidwa m'katimo. Mankhwala ena, monga kwinini ndi mcere wa potassium, akalowa mothamanga asokoneza kugunda kwa mtima, ndipo angauimitse. Cikondi ca pa m'bale n'cabwino, koma cikondi cimeneco cionekere pa kukaitana namwino.

Za mantha a magazi nazonso zili ndi yankho lake. Mphekesera za anthu opopa magazi ndi zakale m'dziko lino, kuyambira m'nthawi ya atsamunda, ndipo zidzuka msanga munthu akaona kapaipi ka dilipi kafiira. Coona cake ndi capafupi. Madzi a dilipi atsika okha cifukwa thumba lili pamwamba pa mkono, monga madzi a m'thanki atsikira ku mpopi. Thumba likatha, kapena wodwala akalinyamula m'munsi popita ku cimbudzi, kapena akakweza mkono, magazi a mu mtsempha abwerera pang'ono m'kapaipi. Sakwana n'komwe sipuni ziwiri, ndipo palibe kumene apita. Cofunika ndi kusunga thumba pamwamba ndi kuuza namwino likatsala pang'ono kutha. Kuzula kanula ndi kuthawa ndi wodwala usiku, monga acitira ena, ndiko kutaya magazi eni-eni pamodzi ndi mankhwala amene anatsala. Timathovu ting'ono-ting'ono ta mpweya timene tioneka m'kapaipi kawiri-kawiri tilibe ngozi, koma kapaipi kakadzala mpweya pa mtunda wautali, namwino adziwitsidwe.

Pali zina zimene woyang'anira wodwala aona msanga kuposa namwino amene ali ndi mabedi makumi atatu usiku umodzi. Dzanja likatupa ndi kuzizira pamene pali kanula, ndiye kuti madzi aphonya mtsempha ndipo alowa m'mnofu. Pakafiira, pakatentha, pakawawa motsata mtsempha kapena pakatuluka mafinya, kanulayo iyenera kucotsedwa. Wodwala akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi botolo latsopano litangoikidwa, kapena akayamba kupuma movutikira, kukhosomola ndi kutupa zikope, imeneyo ndi nkhani ya mphindi yomweyo, yosadikira kuti kuce. Pulasitala ya pa kanula ikhale youma, isakhudzidwe ndi manja a nsima, ndipo pasapakidwe mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Si mwano kufunsa mwaulemu kuti, "A nesi, kodi botolo ili n'laciani, ndipo litha nthawi yanji?" Safunsa anadya phula. Madzi a dilipi ayenera kukhala oyera mbee, thumba losadontha, ndi tsiku lake losapitirira. Ngakhale ku maiko olemera tsoka linagwapo: mu 1972 pa cipatala ca Devonport ku Plymouth, m'dziko la England, odwala asanu anamwalira ataikidwa madzi a shuga ocokera m'mabotolo amene sanatenthedwe mokwanira ku fakitale.

Ngati ngozi zotere zingacitike m'cipatala, momwe muli ophunzira nchito, nanga m'nyumba ya kuseri kwa golosale? Pali anthu amene ayenda ndi cikwama, kulasa nyeleti ndi kupacika mabotolo pa msomali wa pa khoma, kulipiritsa nkhuku kapena ndalama za fetelaiza. Ena anagwirako nchito ya kusesa pa cipatala, ena anangoonerera. Alibe copimira kuthamanga kwa magazi, sadziwa kulemera kwa mwana, ndipo zinthu zikavuta alibe mpweya wa m'botolo kapena mankhwala otsitsimutsa. Kumene atenga mabotolowo ndi funso linanso, popeza botolo lililonse lotuluka m'cipatala ca Boma mwakuba lacotsedwa pa mkono wa mai wina amene adzalifuna pobereka. Zimene zinacitika pa mudzi wa Roka m'dziko la Cambodia zikhale cenjezo. Kumeneko munali munthu wopanda cilolezo amene anthu a m'mudzi anali kumkhulupirira, cifukwa anali kubwera pakhomo ndi kulola ngongole. M'caka ca 2014 kunapezeka kuti anthu oposa 200, ana ndi nkhalamba omwe, atenga HIV kaamba ka nyeleti ndi zipangizo zimene iye anali kubwereza kugwiritsa nchito. Khoti linamlamula kukhala m'ndende zaka 25, koma cilango cimeneco sicinacotse kacilombo m'thupi la munthu ndi mmodzi yemwe.

M'dziko lino wogwira nchito za cipatala ayenera kukhala wolembedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia kapena bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, ndipo malipiro pa zipatala zazing'ono za Boma za kumidzi anacotsedwa mu 2006. Mafumu, anyakwawa ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi adziwa bwino amene acita malonda otere m'dera lao. Kukhala cete poopa kudana ndi mwana wa mnansi n'kosathandiza.

Komabe mlandu suli kwa anthu a m'midzi okha. Munthu apita kwa wa cikwama cifukwa cipatala cili kutali, mtsinje wadzala, kapena tsiku lina anabwezedwa popanda womfotokozera ciliconse. Namwino amene angoponya mapaketi pa tebulo osanena mau amthandiza wa cikwama kupeza makasitomala. Mphindi ziwiri za kufotokoza kuti mwanayu atha kumwa, ndipo kumwa kumcitira bwino kuposa kumlasa, zingasinthe maganizo a banja lonse. Cimodzi-modzi, oyang'anira zaumoyo m'maboma ayenera kuonetsetsa kuti matumba a Ringer's lactate, makanula a ana ndi mapaketi a madzi a moyo afika ku zipatala za kutali, monga za m'cigwa ca Luangwa, miseu isanaduke ndi mvula. Kuuza anthu kuti afulumire ku cipatala kumene mashelefu ali mbee n'kuwaphunzitsa kusamvera.

Ulendo wa ku cipatala, kaya ndi pa njinga, pa ngolo kapena pa msana, uyambe pamene munthu wayamba kuthulula madzi ambiri, ndipo kumwa kuyambe pakhomo pomwepo. Paketi imodzi ya madzi a moyo isungunulidwa m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othiridwa klorini. Ngati paketi palibe, lita yomweyo ilandira masipuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi la mcere. Mcere wopitirira pamenepo ndi woopsa kwa mwana. Wodwala amwe pang'ono-pang'ono njira yonse, mwana wamng'ono ndi sipuni, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Akasanza, adikire mphindi 10 ndi kuyambanso mosafulumira. Otsala akatha tsiku limodzi atayidwe ndi kupanga ena. Munthu amene wakomoka asathiridwe kanthu m'kamwa. Agonekedwe cam'mbali ndi kuthamangitsidwa. Pofika, woperekeza auze namwino nthawi imene matenda anayamba, kangati wodwala wathulula, wamwa makapu angati panjira, ndiponso nthawi imene anakodza komaliza, pakuti pa mayankho amenewa ndi pamene namwino adzaonera ngati afuna botolo kapena apitirize ndi kapu.